Bwanji sangochokamo?

 

Lero tikambirane funso limene limamveka pachigayo, pamjigo ndi pamaliro. Munthu akudzionera yekha kuti mumpingo mwake zinthu sizili bwino. Chopereka chimasonkhedwa sabata ndi sabata koma denga la tchalitchi likudonthabe. Mtsogoleri wamveka ndi mbiri yoipa, akuluakulu a mpingo aikwirira. Osauka amakhala kumbuyo, mipando ya kutsogolo ndi ya eni magolosale. Zonsezi munthuyo amazidandaula yekha madzulo ali pakhonde. Koma Lamulungu likafika wachapa, wasita, wanyamula Baibulo, ulendo komweko. Ife oonera patali timafunsa kuti, bwanji sangochokamo? Ena amayankha kuti anamudyetsa mankhwala. Ena amati ndi umbuli basi. Ine mayankho awiriwa ndikuwakana, ndipo umboni wanga ndiutenga m'mbiri ya boma lathu lomwe lino la Lundazi, mbiri yowawa imene makolo ambiri sakonda kuikamba pamaso pa ana.

Mu Sepitembala 1953, mayi wina wa m'mudzi wa Kasomo m'boma la Chinsali, dzina lake Mulenga Lubusha, anadwala mpaka kukomoka. Atatsitsimuka ananena kuti anafa, anakumana ndi Yesu, ndipo anabwezedwa kuti adzagwire ntchito pakati pa anthu. Anapita ku mishoni ya Lubwa ya Church of Scotland, mbusa Fergus Macpherson anamumvetsera, ndipo anabatizidwa n'kupatsidwa dzina la Alice. Dziko lonse linadzamudziwa kuti Alice Lenshina. Pofika 1955 iye ndi amishoni anali atasiyana njira. Anayamba kubatiza yekha anthu, ndipo mpingo wa Lumpa unabadwa.

Kuchokera kuno kukafika ku Kasomo si pafupi. Munthu ankatsika chigwa, kuwoloka Luangwa, kukwera mapiri a Muchinga, masiku ambiri ali pansi m'tchire la njovu ndi kashembe. Komabe anthu a boma lino anayenda ulendo umenewu m'magulumagulu, ufa pamutu, mwana kumbuyo, kukamva mayi wolalikira m'Chibemba, chinenero chimene sichinali chawo. Lundazi inakhala limodzi mwa maboma amene Lumpa inazika mizu kwambiri kunja kwa Chinsali. Si kuti mipingo kunalibe kuno ayi. A Livingstonia anali ku Chasefu kuyambira 1922, Akatolika anali ku Lumezi. Nanga kutali konseko ankakafunako chiyani?

Chachikulu chinali mantha a ufiti. Inu amene munataya mwana mwadzidzidzi mukudziwa mmene mtima umafunsira. Masiku amenewo munthu akapita kwa mmishoni ankauzidwa kuti ufiti kulibe, aiwale. Akapita kwa bwana DC, lamulo la atsamunda la 1914 linkalanga iye amene watchula mnzake kuti ndi mfiti. Mantha ake analibe kowatula. A Mchape a m'zaka za m'ma 1930 anabwera ndi mankhwala awo, anagulitsa, anapita, mantha n'kutsala. Lenshina anachita zina. Sanatsutse kuti anthu akuopa, ndipo sanawapatse mankhwala atsopano. Anati aliyense abweretse zimene ali nazo, aulule, azitaye, abatizidwe. Amene anafika ku Kasomo anaona mulu wa nyanga, zithumwa, mikanda ndi timabotolo, zonse zotayidwa ndi eni ake pamaso pa anthu. Taganizirani bambo amene wakhala zaka zambiri ndi chithumwa m'chiuno, osagona tulo poopa mbale wake, lero wachimasula ndi dzanja lake, wabwerera kwawo wopepuka. Munthu wotere mukadzamuuza mawa kuti mpingo wake ndi wabodza, adzakuyang'anani n'kukumbukira tulo timene anagona usiku umene uja.

Amayi anapezamonso zawo. Lumpa inaletsa mowa, inaletsa mitala, inaletsa chigololo ndi kukakamiza mkazi wamasiye kulowedwa chokolo. Mayi amene mwamuna wake ankathera ndalama kumowa, n'kubwera usiku ndi ndewu, anaona bambo yemweyo akugona pakhomo ali bwinobwino. Amene ankatsogolera anali mayi mnzawo, wosaphunzira sukulu yapamwamba, wodziwa mtondo ndi khasu. Nyimbo zake zinali zazifupi, zoyenda m'mayimbidwe a kumudzi, zosafuna buku m'manja, moti agogo osadziwa kuwerenga ankaimba mofanana ndi mphunzitsi. Ndipo tchalitchi chachikulu cha njerwa ku Kasomo, chimene ankachitcha Sione, chinatsegulidwa mu 1958 chitamangidwa ndi manja ndi ndalama za mamembala okha, popanda thandizo lochokera kunja. Pa nthawi imene chilichonse chachikulu m'dziko muno chinali cha mzungu, anthu akumudzi anali ndi chinthu choloza n'kunena kuti ichi n'chathu.

Ndikunena zabwinozi dala, chifukwa amene sazidziwa sangamvetse zimene zinatsatira. Palibe amene amalowa gulu chifukwa cha zoipa zake. Amalowa chifukwa gululo lamuchiza bala lenileni limene ena onse analilambalala.

Zolakwa sizinachedwe kuoneka. Mpingo umene unayamba ndi kumasula anthu ku mantha a ufiti unayamba kuloza ena chala kuti ndi mfiti. Mu 1956 munthu wina wa Lumpa anamangidwa chifukwa chonena wansembe wa Katolika kuti ndi mfiti, ndipo mwamuna wa Lenshina, Petros Chintankwa, anapita kundende pa chipwirikiti chimene chinabuka pambuyo pake. Mu 1959 kunali kulimbana ndi mfumu Nkula pa za anthu amene anamanga ku Kasomo popanda chilolezo. Pang'onopang'ono dziko linagawidwa pawiri m'maso mwa mamembala: ife opulumuka, ndi iwo adani. Ndipo apa pali mfundo imene anthu amaiwala. Ambiri anachoka. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1950 mpingowu unali ndi anthu zikwi makumimakumi, koma ndale za ufulu zitatentha ambiri anatuluka mwakachetechete n'kulowa chipani cha UNIP kapena kubwerera ku mipingo yawo yakale. Ngakhale Robert Kaunda, mkulu wake wa Kenneth Kaunda, anakhalamo mu Lumpa kwa kanthawi n'kudzatuluka. Pamene kuchoka kunali kosavuta, pamene munthu ankatha kutuluka n'kukapeza nyumba yake, munda wake ndi abale ake zili momwemo, anthu ankachoka okha popanda wowathamangitsa.

Zinthu zinasintha m'zaka za 1962 ndi 1963. Achinyamata a chipani ankayenda m'midzi kufunsa khadi. Lenshina anauza anthu ake kuti asalowe ndale, ndipo makhadi a UNIP anatenthedwa. Achipani anatentha matchalitchi a Lumpa. Nyumba zinapsa, nkhokwe zinapsa, anthu anamenyedwa ndi kuphedwa mbali zonse ziwiri. A Lumpa anasamuka m'midzi ya makolo awo n'kukamanga midzi yawoyawo, popanda chilolezo cha mafumu, n'kuizunguliza ndi linga la mitengo. Umodzi mwa midzi imeneyi unali Chipoma, kufupi ndi boma lathu lino. Kaunda, amene iye mwini anabadwira ku Lubwa komweko, anayesa kukambirana ndi Lenshina, koma zimene ankagwirizana pamwamba sizinkafika pansi.

Tsopano ndikupempheni kuti mulowe nane m'linga la Chipoma mu Julaye 1964, muganize za mayi mmodzi wa mmenemo. Nyumba imene anaisiya kumudzi kwawo ndi phulusa. Kumunda sangapite yekha, chifukwa panjira pali anyamata a zibonga. Ana ake sali pasukulu. Alongo ake enieni, amene anayamwa nawo bere limodzi, akumutcha wopenga. Mkati mwa linga muli mwamuna wake, ana ake, ndi anzake amene anamugawira ufa tsiku limene nkhokwe yake inapsa. Mayiyu ali ndi maso. Akuona anyamata akunola mikondo ndi nkhwangwa, akumva madikoni akulankhula mawu amene sanawamve ku Kasomo tsiku limene anabatizidwa. Mwina mtima wake ukumuuza kuti izi sizithera pabwino. Koma atuluke apite kuti? Akatuluka, a mkati amutcha Yudasi. Akafika kunja, a kunja sakumuona ngati mlongo wobwerera, akumuona ngati mdani amene wagwidwa. Linga lija analimanga ndi a Lumpa, zoona, koma amene analilimbitsa ndi a kunja amene sanasiye njira yoti munthu abwerere ali ndi ulemu wake.

Boma la Kaunda, amene anakhala nduna yaikulu mu Januwale 1964, linalamula kuti midzi ya malinga ipasulidwe ndipo anthu abwerere kwawo. Pa 24 Julaye apolisi analimbana ndi a Lumpa pa mudzi wa Chapaula ku Chinsali, ndipo kunafa apolisi. Pa 30 Julaye asilikali analowa ku Sione ndi mfuti. Mbiri itafika kuno, usiku wa pa 2 kuchera pa 3 Ogasiti, amuna a ku Chipoma anagwera boma la Lundazi. Analanda mfuti ku polisi, anapha anthu pa boma ndi m'midzi yozungulira, anthu pafupifupi 150, ambiri a iwo osalakwa kanthu, odzidzimutsidwa ali m'tulo. Ichi ndichinene mosapsatira: chimenecho chinali choipa chachikulu, ndipo palibe kuzunzidwa kulikonse kumene kungachiyeretse. Pali mabanja muno amene mpaka lero akatchula mwezi umenewu amatsitsa mawu.

Tsiku lomwelo mpingo wa Lumpa unaletsedwa. Asilikali anapita ku Chipoma, anthu a mikondo ndi mfuti za gogodela anathamangira zipolopolo akufuula dzina la Yeriko, ndipo oposa 80 anafera pomwepo. Patangopita masiku ochepa, pa mudzi wa Lumpa wa Paishuko, m'boma lomweli monga linalili nthawi imeneyo, anthu a m'midzi yoyandikana anabwezera. Anapha anthu 46, pakati pawo amayi ndi ana, mwankhanza zosaneneka. Nachonso chinali choipa chachikulu. Lenshina anadzipereka m'manja mwa boma pa 11 Ogasiti. Boma linawerenga anthu akufa oposa 700 m'nkhondo yonseyi, ndipo olemba mbiri ena amati anapitirira 1,000, osawerengera amene anafa ndi njala akuthawa m'tchire. Pa 24 Okutobala chaka chomwecho mbendera ya Zambia inakwezedwa, manda a kuno dothi lake lisanaume.

Mwa nzeru za munthu, nkhani ya Lumpa inayenera kuthera pamenepo. Zipolopolo zinapha opemphera ngati mmene zimaphera wina aliyense. Mtsogoleri anatsekeredwa ku Mumbwa, kenako ku Kalabo, popanda kuimbidwa mlandu m'khoti. Tchalitchi cha Sione chinagwetsedwa ndi boma mu 1970. Lenshina anatulutsidwa mu Disembala 1975 n'kukasungidwa panyumba ku Chilenje mu Lusaka, ndipo anamwalira pa 7 Disembala 1978. Koma anthu sanachoke mumpingomo. Pakati pa 15,000 ndi 20,000 anawoloka malire kupita ku Congo, ambiri n'kukakhala ku Mokambo, ndipo ena anakhala kumeneko mpaka m'zaka za m'ma 1990. Lero mipingo monga New Jerusalem Church ndi Uluse Kamutola ikupitiriza kupemphera m'njira imene Lenshina anaisiya.

Chinawagwira n'chiyani? Ndikuona kuti pamwamba pa zonse zija panawonjezeka magazi. Munthu amene mayi ake anafera ku Chipoma akuimba, ukamuuza kuti atuluke, iye amamva ngati ukumuuza kuti avomere kuti mayi ake anafera chabe. Ndani angasenze mawu amenewo? Pamene munthu wataya zambiri chifukwa cha chinthu, m'pamene amachigwiritsa ndi manja awiri. Amene anagulitsa ng'ombe zake n'kupereka kwa mneneri amavutika kuchoka kuposa amene anangoponya khobidi m'mbale, chifukwa kuchoka kwake n'kuvomereza pamaso pa mkazi wake ndi ana ake kuti ng'ombe zija zinapita pachabe. Ndipo mnyozo wa akunja umangowonjezera mphamvu. Mlaliki akanena kuti dziko lidzakudani, ndiye inu mwabwera n'kumutukwana mbale wanuyo, mwatsimikizira ulaliki uja ndi pakamwa panu.

Abale athu a ku Malawi anaona zofananako ndi Mboni za Yehova, ngakhale kuti iwo sananyamule chida chilichonse. Boma la Dr Banda linawaletsa mu 1967, ndipo chifukwa chokana kugula khadi la chipani anamenyedwa, kutenthedwa nyumba ndi kuchotsedwa ntchito. Mu 1972 zikwizikwi anathawira kuno ku Zambia, ku msasa wa Sinda Misale kufupi ndi Chipata. Chiletso chinachotsedwa mu 1993, ndipo Mboni zinali zilipobe. Chibonga sichinatulutsepo munthu m'chikhulupiriro chake.

Tibwere ku masiku athu ano, pamene kulibe malinga a mitengo. Chimene chimagwira anthu lero chimaoneka bwino pa maliro. Mfuu ikamveka m'mudzi, asanafike achibale a ku Lusaka kapena ku Copperbelt, amayi a Umanyano kapena a Chigwirizano afika kale, kapena a mphakati ngati womwalirayo anali Mkatolika. Wina wasenza nkhuni, wina ndowa ya madzi, wina kambale ka ufa ndi nyemba za m'nyumba mwake. Alowa m'nyumba ya siwa, akhala pansi mozungulira namfedwa, ayamba nyimbo. Usiku wonse akusinthana, wina akatopa mawu wina walandira. Kunja abambo a mpingo asonkha moto, m'mamawa achinyamata anyamula makasu ndi mapiki kupita kumanda. Pa tsiku loika, amayi aja avala yunifolomu yawo yoyera, aima m'mizere iwiri, bokosi likudutsa pakati. Mayi wamasiye amene anaona zimenezi zikuchitikira mwamuna wake amadziwa kuti tsiku lake likadzafika adzamuchitiranso chimodzimodzi. Inu mukamuuza kuti msungichuma wa mpingo wake ndi wakuba, iye sakutsutsani. Amadziwa kuposa inu. Koma mumtima akufunsa kuti, ndikachoka, adzandiimbire ndani?

Ndipo si maliro okha. Chilimba chimene chimamuthandiza kugula feteleza chili mumpingo. Amene anamuperekeza kuchipatala usiku ndi a mumpingo. Ukwati wake unamangidwira momwemo, apongozi ake ali momwemo, ana ake anabatizidwira momwemo, ndipo kwaya ndi malo okhawo amene mwana wake wamkazi amapitako madzulo iye osada nkhawa. M'dera ngati lathu, kumene boma silifika pakhomo lililonse, mpingo umagwira ntchito zambiri zimene kwina zimagwiridwa ndi maofesi. Kuuza munthu kuti achoke popanda kumuonetsa kumene adzapeze zonsezi n'kulankhula kosaganizira.

Koma ndingalakwire anthu opemphera ndikanena kuti amangotsalira ufa ndi nyimbo za pamaliro. Ambiri amatsala chifukwa amakhulupirira ndithu. Mudzawamva akunena kuti, ine sindipembedza abusa, ndimapembedza Mulungu. Ena amakumbutsa fanizo la tirigu ndi namsongole, kuti wosiyanitsa ndi mwini munda. Agogo ena amangoti mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo. Maganizo amenewa ine ndimawalemekeza, ndipo mbiri ya chigawo chathu cha Kummawa imaonetsa kuti kutsala kumatha kubala zipatso. Amishoni a Dutch Reformed Church anafika ku Magwero mu 1899 kuchokera ku South Africa, ndipo mpingo umene unawatuma unadzakhala mzati wa tsankho la mtundu kwawoko. Akhristu akuda a kuno ankaona kusiyana kwa nyumba, kwa malipiro ndi kwa ulemu. Ena anachoka. Ena anatsala, koma sanatsale chete. Anaphunzira, anadzozedwa monga Justo Mwale mu 1929, anafunsa, anakakamira, mpaka mu 1966 analandira umwini wa mpingo. Reformed Church in Zambia imene tikuidziwa lero inachokera mwa anthu amene anakana kuchoka komanso anakana kutseka pakamwa.

Apa ndiye pagona nkhani. Funso loti munthu atsale kapena achoke silingayankhidwe tisanafunse kuti cholakwacho n'chotani. Pali zofooka zimene zili paliponse pamene pasonkhana anthu: kulimbirana maudindo, miseche ya m'kwaya, kukondera, ulaliki wotalika, malipoti a ndalama ochedwa. Amene angathawe zimenezi adzatha mipingo yonse ya pa boma pano osapeza pokhala. Koma pali zina zimene si zofooka, ndi zowononga moyo. Mtsogoleri akauza wodwala kuti asiye ma ARV chifukwa wapemphereredwa, akaletsa mayi woyembekezera kupita kuchipatala, akagona ndi mwana wasukulu akuluakulu n'kunena kuti tisachititse manyazi dzina la mpingo, akakwatitsa mtsikana wosakwana zaka 18 pamene lamulo la dziko lino la 2023 likuletsa ukwati wotere ngakhale wa chikhalidwe, akaloza nkhalamba kuti ndiyo ikulodza mudzi, pamenepo mwambi wa mako ndi mako sugwiranso ntchito. Amene akhala chete poona zimenezi pofuna kusunga malo ake pa benchi akuthandiza nawo kuwononga. Nkhani ya mwana wochitidwa nkhanza si ya bwalo la akulu a mpingo lokha, ndi ya apolisi a Victim Support Unit, ndipo kukanena kumeneko si kugulitsa mpingo.

Pali mafunso awiri amene aliyense angadzifunse ali yekha, ndipo onse ndawaphunzira ku Chipoma. Loyamba: kodi mumpingo mwathu munthu angaimirire pamsonkhano n'kufunsa kuti ndalama zinayenda bwanji, kapena kuti chiphunzitso ichi chachokera pati, osatchedwa woukira kapena wogwidwa ndi ziwanda? Lachiwiri: kodi amene anachoka chaka chatha timamupatsabe moni, timapitabe pamaliro a kwawo? Ngati mayankho onse ndi inde, tsalani ndi mtima umodzi, mpingo wotere umakonzeka. Koma ngati kufunsa ndi tchimo, ngati mwauzidwa kuti musadyenso ndi abale anu chifukwa ndi a mdima, ngati wochoka amatembereredwa pa guwa, dziwani kuti mitengo ya linga yayamba kuzikidwa, ngakhale maso sakuiona.

Kwa inu azibusa, ansembe, aneneri ndi akulu a mipingo amene mukumvetsera, kukhulupirika kwa anthu anu si chilolezo. Kubwera kwawo Lamulungu lililonse sikutanthauza kuti sakuona. Amaona zonse, amangokhala kuti alibe kolowera, kapena amakonda Mulungu wawo kuposa mmene amanyansidwira ndi zochita zanu. Werengani malipoti a ndalama poyera. Lolani mafunso. Wolakwira mwana musamubise pomusamutsira kumpingo wina.

Kwa agogo athu amene munaona 1964 ndi maso anu, amene munali ana nthawi imeneyo ndipo lero mwapitirira zaka 60, tiuzeni. Adzukulu anu amamva za Lenshina ngati nthano yoopsezera ana, kapena sanamvepo n'komwe. Auzeni za amene anaphedwa pa boma, auzeninso za amene anaphedwa ku Chipoma ndi ku Paishuko, chifukwa onsewo anali ana a boma lino.

Ndipo inu amene muli ndi mwana, mlongo kapena mkazi m'gulu limene likukudetsani nkhawa, musamutaye. Kumutukwana ndi kunyoza mtsogoleri wake pamaso pake kumangomukankhira mkati. Pitani mukamuone sabata ino. Mufunseni za ana ndi za kumunda, mumuitane ku ukwati ndi ku maliro a pabanja monga kale, ndipo mumuuze momveka kuti tsiku lililonse limene angafune kubwera, nyumba ilipo ndipo palibe amene adzamufunse kuti, si paja tinakuuza? Koma mukaona kuti moyo wake kapena wa mwana uli pangozi, musadikire: pitani kwa mfumu, kuchipatala kapena ku polisi lero lomwe.